Masekondi Makumi Atatu a Mkamwini Wanga

Mkamwini wanga asanayambe kujambula mawu, ankaimika chala chimodzi m'mwamba n'kutsinzina, ndipo aliyense amene anali m'chipindamo ankayenera kukhala duu kwa masekondi makumi atatu. Osatsokomola, osasuntha mpando, osameza malovu mokweza. Ankati makina ake ayambe amva kaye bata la chipindacho. Chipinda chilichonse, ankatero, chili ndi bata lakelake, ndipo iye akadula mawu a munthu n'kuwalumikiza ndi ena, amamata bata limenelo pamsoko kuti womvera asadziwe kuti panadulidwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinamuona akuchita zimenezi, osaphonya ngakhale kamodzi. Ankasiya mpopi ukutaya madzi, ankaiwala kukachingamira mkazi wake mvula ikugwa, koma chala chokha sankaiwala.

Inalinso nthawi yokhayo imene ndinkamuona atatseka pakamwa.

Ine ndimakonza mawotchi. Shopu yanga ndi chipinda chakumaso kwa nyumba yathu, choyang'ana kumsewu, moyandikana ndi wometa tsitsi. Pakhoma pali makoloko khumi ndi anayi, ambiri a anthu amene anawasiya osabweranso. Chitseko cha kuseri kwa tebulo langa chimalowa pabalaza. Ndikakhala pantchito, galasi lili padiso, ndimamva zochitika m'nyumba, ndipo anthu amaiwala kuti ndilipo.

Munthuyu atayamba kubwera kudzafuna mwana wathu wamkazi, ankagwira ntchito yolengeza malonda. Ankakwera kumbuyo kwa lole ya sitolo ina ya mipando, atanyamula chimkuzamawu, n'kumauza anthu a pamsewu kuti akagule masofa. Asanakwere loleyo anagulitsako tiyi wochepetsa thupi, ndipo tiyiyo asanabwere anali mlaliki wa m'mabasi kwa miyezi inayi. Ntchito zake zonse zinali za pakamwa. Manja ake anali ofewa ngati a khanda. Bambo ake ndinakumana nawo kamodzi, mlonda wopuma pantchito, munthu wofatsa. Tinakhala limodzi ola lathunthu osalankhula, ndipo tinamvana. Kumene mwana wawo anatengera pakamwa sindikudziwa.

Wometa atangomumva tsiku loyamba anamupatsa dzina loti Wailesi.

"Achimwene, mwaitola kuti imeneyi?" anandifunsa. "Ili ndi pozimitsira?"

"Sindinapapeze."

"Funsani mwana wanu. Mwina iye akudziwa pamene amadina."

Mwana wanga amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, amaima tsiku lonse, ndipo anakulira m'nyumba imene bambo ake amatha tsiku ndi mawu khumi. Sindinadabwe kuti anakopeka ndi munthu wodzaza nyumba ndi phokoso. Atakwatirana anapempha chipinda chakumbuyo kwa miyezi itatu, kuti apeze poyambira. Miyezi itatuyo inakana kutha.

Lole itasiya kuyenda, mkamwini anatiuza patebulo kuti watopa ndi kukweza ena ndi mawu ake. Tsopano akhala ndi pulogalamu yakeyake pa intaneti, ya mawu ndi ya vidiyo yomwe. Anabwera ndi maiki, mahedifoni, laputopu yakale, ndi nyali yozungulira ngati gudumu la njinga. Anakhoma matileyi a mazira pakhoma la pabalaza kuti mawu asamabwerere, moti mlendo akalowa ankayamba wafunsa ngati tayamba kuweta nkhuku. Kenako anabwera kwa ine.

"Bambo, pali kavuto kakang'ono. Makoloko anuwa akulowa m'maiki."

"Kuyenda ndiye ntchito yawo."

"Ola limodzi lokha, Bambo. Lachiwiri ndi Lachinayi."

Ndinayang'ana mwana wanga, iye akuyang'ana m'mbale. Kuyambira tsiku limenelo, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse ndinkayenda m'mbali mwa khoma, kugwira koloko imodziimodzi mpaka onse ataima. Akamaliza ndinkawayambitsanso, n'kuwatchera nthawi ndi wotchi ya m'thumba.

Anayamba ndi mpira. Mpira sankaudziwa, ndipo oonera anali makumi anayi, theka lawo abale ake. Anasintha n'kuyamba malangizo a banja, akufotokoza za mwamuna weniweni pamene mkazi wake akumusitira malaya kuseri kwa nyali. Anayesa nkhani za mizukwa. Anayesa kulawa zakumwa atamanga nsalu kumaso. Anayesa kuimitsa anthu pamsewu n'kuwafunsa malikulu a mayiko amene iye mwini anali atangowerenga m'mawa womwewo. Pachakudya ankatiphunzitsa. Munthu umamugwira m'masekondi atatu oyamba, apo ayi chala chake chadutsa. Mutu wa vidiyo uyenera kuluma. Uziponya nthawi yoweruka, anthu ali m'mabasi. Ndemanga iliyonse uiyankhe, ngakhale yotukwana, chifukwa makina sasiyanitsa chipongwe ndi chiyamiko, amangowerenga.

Foni iliyonse yolowa m'nyumba mwathu ankaibwereka. Ankati akufuna kuona nthawi, m'nyumba ya makoloko khumi ndi anayi, ndipo mwini wake ankapita kwawo atalembetsedwa kale kukhala womutsatira. Yanga ndi yamabatani. Anaitembenuza uku ndi uku ngati wapeza khoswe wakufa m'kabati, n'kundibwezera.

Wometa anakhalako mlendo wake kamodzi. Anavala taye, n'kulankhula ola lathunthu za ntchito yake: mmene amanolera makina, mmene amametera mwana woopa, mmene anametera bambo ake omubala tsiku lomaliza. Chimene chinatuluka chinali masekondi makumi anayi, pamene ananena moseka kuti mitu ina imanunkha. Makasitomala ake atatu sanabwerenso. Ndikanayenera kuphunzirapo kanthu pamenepo.

Ndemanga zikasowa, mkamwini ankazilemba yekha. Anali ndi mayina ena atatu. Limodzi linali la mkazi, amene pansi pa vidiyo iliyonse ankalemba kuti mawu a bamboyu amamufika pamtima, ndipo mkamwini ankamuyankha mwaulemu kuti zikomo mlongo, koma ndine wapabanja. Ndinamuona akuchita zimenezi ndi mafoni awiri, imodzi kudzanja lililonse, lilime atalitulutsa pang'ono. Patatha zaka zinayi anali ndi omutsatira zikwi ziwiri, ndipo ankaiyang'ana nambalayo m'mawa uliwonse ngati namwino woyeza kutentha thupi kwa wodwala amene sakuchira.

Akazi anga anagwira ntchito zaka makumi atatu pawindo logulitsira matikiti kudepoti ya mabasi. Pakamwa pawo pankaopedwa ndi makondakitala amene sankaopa apolisi. Ankatha kumuvula munthu ndi mawu asanu, mwini wake n'kuseka nawo, n'kudzamva kuwawa atafika kunyumba. Mkamwini atatiuza monyadira za oonera ake oyamba aja, iwo sanakweze n'komwe mutu.

"Makumi anayi ndi basi imodzi, akamwini," anatero. "Koma anga aja ankadziwa kumene akupita."

Ine ndinkakonza mawotchi, iwo ankalankhula m'malo mwa tonse awiri, ndipo tinkakhala bwino. Sitiroko inawagwira m'mawa wina akuyanika zovala. Inatenga dzanja lamanja ndi mwendo. Mawu inawasiyira, koma inawamwaza. Nzeru zinali zonse, koma liwu limodzi linkatuluka, kenako mpata wautali, milomo ikunjenjemera, maso akufufuza pakhoma, kenako lina. Alendo ankawamalizira ziganizo. Mwana wathu ankawamalizira. Inenso, ndisabise, ndinkangowapatsa chimene ndikuganiza kuti akufuna asanachitchule. Pang'onopang'ono anasiya kuyesa. Ankangokhala pampando wa pawindo la pabalaza, akuyang'ana zovala za aneba pachingwe.

Lachiwiri lina mlendo wa mkamwini sanabwere. Nyali inali itayaka, makoloko nditaimitsa kale. Iye anali atavala malaya a maluwa akuluakulu achikasu, ndipo posafuna kuti tsiku lipite pachabe anatembenuzira maiki kwa apongozi ake.

"Mayi, auzeni anthu. Mkamwini wanu watchena kapena sanatchene?"

Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Malayawo," anatero. Panapita mpata. "Windo lake." Mpata wina, wautali kuposa woyamba. "Mwalisiya. Lamaliseche."

Zinawatengera pafupifupi mphindi ziwiri. Mkamwini anadula mipata yonse, n'kumata bata lake pamisoko, ndipo mawuwo anatuluka ngati chikwapu. Paliponse pamene chithunzi chikanadumpha chifukwa cha kudulako anaikapo nkhope yake ikuseka. Kusekako ankajambula payekha, onse atachoka: kuseka kogwira pamimba, kuseka kodabwa, kuseka kobisa nkhope. Ndinkamumva ndili m'shopu, munthu wamkulu akuseka yekha m'chipinda, n'kusiya mwadzidzidzi, n'kunena kuti ayi, tibwereze.

M'masiku atatu anthu zikwi makumi awiri anali ataonera. Apongozi ake anawapatsa dzina loti Mayi Lumo, ndipo nkhope yake, imene inadzaza chikuto cha pulogalamu kwa zaka zinayi, inachepa n'kupita pakona.

Wometa ndiye anandionetsa pafoni yake. Ndinamva mawu a akazi anga monga analili kudepoti, othamanga, akuthwa, opanda chowagwira. Ndinamuuza kuti abwereze. Anabwereza katatu osaponyapo nthabwala, zimene sizichitikachitika kwa iye. Mawu amenewo ndinali nditawasowa. N'chifukwa chake sindinaletse.

Chinanso, akazi anga ankasangalala. M'nyumba yonse, mkamwini yekha ndiye ankawadikira kuti amalize okha. Ankadikira monga mphaka amadikirira pauna wa khoswe, komabe ankadikira. Lachiwiri likafika ankapempha chipeso ndi bulauzi yabuluu. Mavidiyowo sankawaonera, maso ankatopa ndi kagalasi ka foni. Ankangofunsa kuti, "Aseka?" ife n'kuyankha kuti aseka.

Ola lathunthu la thukuta lawo linkatulutsa mphindi imodzi. Mkamwini ankawabweretsera anthu oti awamete ndi mawu, oimba osadziwika ndi atsikana ogulitsa mafuta odzola, ndipo ankabwera atavala dala zoseketsa. Mwana wanga atanena kuti amayi akutopa, mwamuna wake anamukumbutsa kuti adokotala anati azilankhulitsidwa. Zinali zoona. Munthuyu ankakhala ndi choona chimodzi m'thumba nthawi zonse, chotchingira zina zonse.

Omutsatira anafika zikwi zana. Anayamba kuvala magalasi akuda polowa m'sitolo. Omutsatirawo ankawatchula kuti ndi banja lake. Opanga sopo ndi mafuta ophikira anayamba kumutumizira katundu woti aziika patebulo pojambula. Achinyamata akamufunsa chinsinsi chake, ankawauza kuti ndi khama ndi kudzikhulupirira.

Linali Lachiwiri la mwezi wotentha, ndipo chitseko cha pabalaza anachisiya chotsekula pang'ono kuti mpweya uzilowa. Chala chinakwera, masekondi makumi atatu anatha, ndipo ndinamumva akufunsa.

"Mayi, lero tiuzeni za Bambo. Mwakhala nawo bwanji zaka zonsezi munthu wosalankhula?"

Ndinaika pansi wotchi imene inali m'manja mwanga.

"Bambo awa," anatero akazi anga. Ndinadikira nawo. "Zaka makumi anayi. Sanandiuzepo." Ndinkamva kupuma kwawo. "Kuti amandikonda."

Sananame. Mpata umene unatsatira unali wautali kuposa yonse imene ndinamvapo. Kenako anati, "Koma."

Nthawi yomweyo belu la pachitseko cha shopu linalira. Analowa bambo wina wonenepa, lamba wa wotchi yake ataduka, akudandaula mokweza za kutentha. Mkamwini anakankha chitseko cha pabalaza ndi phazi, chinatsekeka. Ndinayamba kusintha lambayo. Bamboyo anafuna wakuda, kenako wofiirira, kenako wakudanso. Kuseri kwa chitseko mawu a akazi anga ankapitirira, otsika, akuima, akuyambanso, kwa nthawi yaitali ndithu, koma sindinatolepo liwu ndi limodzi lomwe. Chitseko chitatsekuka akazi anga anali akupukuta m'maso ndi dzanja lamanzere, ndipo anandiyang'ana monga anali asanandiyang'anepo chiyambire kudwala. Mkamwini ankakulunga zingwe akuimba mluzu.

Chakumadzulo ndinawapititsira tiyi.

"Munamva?" anandifunsa.

"Ndinamva."

Anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa, n'kugwira dzanja langa. Ndinanama chifukwa ndinaona mmene mawuwo anawatopetsera, ndipo sindinafune kuwakweza chitunda chomwecho kachiwiri. Ndinkati Lachisanu vidiyo ikatuluka ndikamvera kwa wometa.

Inatuluka. Pachikuto panali chithunzi changa, nditawerama patebulo, galasi lili padiso. Sindikudziwa kuti anandijambula liti. Pamwamba pa mutu wanga analemba ndi zilembo zofiira kuti ZAKA 40 OSAMUUZA KUTI NDIMAKUKONDA. Mawu a akazi anga anathera pa "amandikonda." Pamene panali "koma" panali nkhope ya mkamwini, atayasama, manja ali kumutu.

Anaonera anthu zikwi mazana atatu. Wometa anayamba kundiwerengera ndemanga, n'kusiya yekha atafika pa yachisanu. Ankanditchula chitsa, mwala, mtembo woyenda. Amayi ena analemba kuti amuna a mtundu wanga ndi amene amadwalitsa akazi. Atsikana awiri analowa m'shopu opanda wotchi, n'kudzijambula ine ndili kumbuyo kwawo.

"Achimwene, mwatchuka," anatero wometa. "Bwerani ndikuyeretseni ndevu, dziko likukuonani."

Sindinaseke, ndipo iye anabwerera ku makina ake.

Mwana wanga anakalipa m'chipinda chawo, ndipo ndinamva mwamuna wake akumuuza kuti sakumvetsa mmene ntchitoyi imayendera. Akazi anga sitinawauze kanthu. M'mawa mwake ndinamuimitsa mkamwini pakhonde, mswachi uli m'kamwa.

"Akamwini, pambuyo pa 'koma' ananena chiyani?"

Analavula, n'kupukuta pakamwa.

"Zimene zija ndasunga bwinobwino, Bambo. Ndi za gawo lachiwiri. Anthu ayambe apsa mtima kaye. Ndiye inu mubwere, mukhale pampando, ndikuvekeni mahedifoni, mumve koyamba kamera ikukuonani. Mukangogwetsa msozi umodzi, Bambo, umodzi wokha, tafika miliyoni."

"Ndingomvera pano."

"Zikatero nkhope yanu idzakhala yoti inamva kale. Anthu amazindikira, Bambo. Anthu si ana."

Ndinamusiya ndi mswachi wake. Ndinkati atopa yekha, kapena ndipeza tsiku labwino ndiwauze akazi anga zoona, andibwerezere pang'onopang'ono. Ndinkaona ngati masiku alipo.

Patatha masiku asanu ndi anayi sitiroko inabweranso. Ulendo uno siinasiye liwu ndi limodzi lomwe.

Kuchipatala ndinamupeza mkamwini pakhonde, foni ataikweza m'mwamba, akufunafuna pamene pali kuwala kwabwino. Ankapempha banja lake kuti lipempherere Mayi Lumo, ndi kuti aliyense amene wapemphera adine kamtima. Analakwitsa liwu, n'kuyambiranso, nkhope ataikonzanso kuti ikhale yachisoni.

Titabwera nawo kunyumba, ndinalowa m'chipinda cha mkamwini kwa nthawi yoyamba chibwerere iye pakhomo pano. Anali pabedi, laputopu ili pamiyendo.

"Ndabwera kudzamva mawu aja."

"Ati, Bambo?"

"A pambuyo pa 'koma'."

Anadinadina. Kutsekula apa, kutseka apo, kupukusa mutu. Ine ndinangoima. Ndimatha kusiyanitsa munthu amene akufunafuna chinthu ndi munthu amene akufunafuna chonena.

"Malo anadzaza, Bambo. Mavidiyo amadya malo. Zosadula ndimafufuta zikakhalitsa. Inu munakana gawo lachiwiri, ndiye ndinaona ngati zilibenso ntchito."

"Munali pomwepo. Munamva ndi makutu anu."

"Ndikamajambula sindimvera kwenikweni, Bambo. Maso amakhala pa mizere iyi, kuti mawu asafike pofiira." Anakanda kumutu. "Zinali zabwinobwino. Zoti ndinu munthu wabwino, zoterozo. Panali za wotchi, kaya za ambulera. Zinali zazitali, zosagwira."

"Ambulera."

"Kapena jekete. Chinachake cha mvula."

Zaka makumi atatu, mvula ikayamba masana, ndinkatseka shopu n'kupita kudepoti ndi ambulera. Mwina ndi zimenezo. Mwinanso ayi. Kuseri kwa chitseko chake kunali ambulera yopachikidwa pamsomali, ndipo maso ake anali atangodutsa pamenepo.

Ataona kuti sindikuchoka, nkhope yake inawala ngati wakumbukira mphatso imene anandisungira.

"Koma musadandaule, Bambo. Mawu a Mayi ndili nawo ambiri, odula kale, ndinawasanja m'magulumagulu. Mungondiuza zimene mukufuna kuti anene. Ndilumikiza, ndimata, simudzamva ngakhale msoko."

Ankanena ndi mtima wonse. Ankaganiza kuti akundichitira chifundo.

Mwana wanga anali ataima kumbuyo kwanga ndi beseni la madzi osambitsira amayi ake. Anaika beseni pansi, anapita pabalaza, n'kuyamba kuzula matileyi a mazira pakhoma, limodzilimodzi, misomali akuiponya m'kapu.

Mkamwini anasamutsira nyali ndi maiki ku chipinda chimene anapeza pamwamba pa sitolo ina, ndipo posakhalitsa anasamutsiranso zovala. Ankabwera Lamlungu lililonse, kenako mwa apo ndi apo. Za kumeneko ndinkamva kwa wometa. Anapeza mayi wina wachikulire woti azimunyoza pa kamera, koma mayiyo ankaloweza zomulembera, ndipo anthu anazindikira. Anapeza wina, ameneyo ankangoseka. Anabwerera ku malangizo a banja, akugona yekha pamatilesi. Nambala ija inayamba kutsika, ndipo pansi pa vidiyo iliyonse anthu ankangofunsa kuti Mayi Lumo ali kuti. Mlongo uja wa mawu ofika pamtima anatulukiranso.

Mkamwini anabwera Lachinayi lina masana, mwana wanga ali kuntchito, chikwama chili kumsana. Anali ataonda, magalasi akuda atawakweza pamutu. Anandipatsa moni wautali, anafunsa za bondo langa, anayamikira koloko imene wakhala akuidutsa zaka zonsezi osaiona.

"Bambo, sindichedwa. Sindijambula Mayi, ayi, zimenezo ndikudziwa. Ndili ndi mawu awo otsala, okwana magawo atatu. Anthu akuwasowa, Bambo, ena akulira. Koma bata la chipinda chino ndinafufuta limodzi ndi zina zija, ndipo la kwanga silikugwirizana, kumamveka mafiriji a m'sitolo yapansi. Misoko ikumveka. Ndikungofuna masekondi makumi atatu."

Sindinayankhe. Kwa iye, kusayankha kwanga kwakhala kuli kuvomera chiyambire. Analowa pabalaza, anawerama pamaso pa apongozi ake n'kuwauza kuti banja lonse likuwapatsa moni, kenako anaimika maiki pambali pa mpando wawo, pamene inkakhala kale. Akazi anga anayang'ana maikiyo, n'kuyang'ana ine. Milomo yawo inasuntha monga imachitira masiku ano, popanda chotuluka.

"Makoloko, Bambo," anatero akuvala mahedifoni.

Ndinapita m'shopu. Ndinatenga kiyi n'kuipatsa mphamvu koloko yaikulu ya pakona, imene inali itayamba kufooka. Kenako ndinatsekula chitseko cha pabalaza mpaka kukhoma, ndinachigwiriza ndi mpando wanga, n'kukhalapo.

Iye anali atatsinzina kale, chala chili m'mwamba. Makoloko khumi ndi anayi ankayenda, iliyonse ndi phazi lake, ndipo pabalaza popanda matileyi phokosolo linkagunda khoma n'kubwerera. Ndinaona dzanja lamanzere la akazi anga likuyamba kugogoda pamtengo wa mpando, kutsatira koloko yaikulu. Masekondi khumi anadutsa. Chipumi cha mkamwini chinachita makwinya pansi pa mahedifoni. Anatsekula diso limodzi.

"Bambo, makoloko," ananong'ona.

"Akuyenda bwino," ndinatero.

Anatsinzinanso, chala chikadali m'mwamba, akudikira kuti ndidzuke ndikachite zimene ndinkachita nthawi zonse. Ndinamuwerengera pa wotchi ya m'thumba. Anafika masekondi makumi atatu, anapitirira mpaka makumi asanu. Kenako chalacho chinayamba kupindika, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pabondo.